Kodi Fisi Angaŵetedwe? Za Nkhani Zimene Ana Athu Akuŵerenga

Amayi anzanga a m'tauni ndi a kumudzi, sabata ino tisiye kaye za maphikidwe ndi zosokasoka, tikambirane za mlendo amene waloŵa m'nyumba zathu osaodira. Ndikunena za nkhani zopeka za chikondi ndi za zodabwitsa zimene atsikana athu, ngakhalenso amayi ena a pabanja, akuŵerenga masiku ano. Zina zimabwera m'mabuku oŵerengedwa kale amene amalonda amayala pansi pafupi ndi kaunjika, zina amabwera nazo ana a ku sekondale pa tchuthi atabwerekana mpaka zikuto kuthothoka, koma zochuluka zimafika pa foni, ndipo zimaŵerengedwa usiku m'bulangete nyale itazima.

Nkhani imeneyi yakhala ikuutsa mtsutso m'misonkhano ya amayi kuyambira pa Boma la Mzimba mpaka ku Embangweni ndi ku Jenda. Ena akuti mabukuŵa ngoyenera kusonkhera moto chifukwa akuphunzitsa ana ufiti ndi chiŵereŵere. Ena akuti bola mwana akuŵerenga, kusiyana ndi kuyendayenda m'misika. Ife m'gulu lathu tinaona kuti mlandu suweruzidwa mwini wake asanalankhule. Chotero tinasonkhanitsa mabuku angapo. A Chicheŵa tinaŵerenga tokha, ndipo a Chingerezi anatiŵerengera mayi wina wophunzitsa pamodzi ndi atsikana aŵiri amene anamaliza Folomu 4, nkumatifotokozera mutu ndi mutu tikatha kuŵerengera ndalama za banki m'khonde. Zimene ndalemba pano ndizo zinatsala mu mtima mwanga chilimwe chonse chitatha.

Si zachilendo ayi

Poyamba tivomereze kuti kukonda nkhani zotere sikunayambe ndi ana a lero. Ife tinakulira pa nthano, zimene kuno timati vidokoni, agogo akutisimbira madzulo titatha kukolola. M'menemo kalulu ankalankhula, ng'ona inkafunsira mbeta, ndipo mbalame inkaimba nyimbo youlula chinsinsi cha munthu wakupha mbale wake. Nthano ya mtundu umenewu ndiyo John Gwengwe anaiika m'buku la Sikusinja ndi Gwenembe, limene ambiri a ife tinalimva ku sukulu. Palibe kholo limene linanenapo kuti bukulo ndi la ufiti chifukwa muli mbalame yoimba ngati munthu.

Mabuku a nkhani zopeka m'chinenero chathu anayamba kale. Samuel Ntara anatulutsa Nthondo mu 1933. M'zaka za m'ma 1980 kunabwera Madzi Akatayika la Willie Zingani, Mtima Sukhuta la Jolly Max Ntaba ndi Wachitatu N'kapasule la Whyghtone Kamthunzi, ndipo maina okhawo akukuuzani kuti eni ake ankalingalira za mtima wa munthu ndi za m'banja. Mwana wa boma lathu lino, malemu D.D. Phiri amene anatisiya mu 2019, analemba Kanakazi Kayaya m'Chitumbuka, ndiponso seŵero la Chingerezi lotchedwa The Chief's Bride limene linatuluka mu 1968. Achemwali athu amene anafika ku sekondale ankabisa m'madesiki timabuku ta Mills & Boon, kampani imene inayamba ku London mu 1908, ndi ta Pacesetters timene tinayamba kutuluka mu 1977, komanso mabuku a Aubrey Kalitera wa ku Blantyre, monga Why Father Why. Ambiri mwa achemwali amenewo lero ndi agogo olemekezeka, ena ndi atsogoleri a Umanyano. Tsono tisachite ngati thambo lagwa.

Za m'kati mwa mabuku atsopano

Chimene chasintha nchakuti olemba a masiku ano asakaniza mitundu iŵiri imene kale inkayenda payokhapayokha, nthano ya zodabwitsa ndi nkhani ya chikondi, nkuphika mu mphika umodzi.

Buku limene linatsegula njira imeneyi kwa atsikana ambiri ndi Twilight, lolembedwa ndi Stephenie Meyer wa ku America mu 2005. Mtsikana wa zaka 17 dzina lake Bella akondana ndi Edward, mnyamata wooneka bwino wa pa sukulu pawo, amene kwenikweni ndi cholengedwa chakumwa magazi chimene chakhala ndi moyo zaka zoposa 100. M'mabuku otsatira aŵiriwo akwatirana, ndipo mtsikanayo asandulika kukhala ngati mwamuna wake.

Lina ndi A Court of Thorns and Roses la Sarah J. Maas, la mu 2015. Feyre ndi mwana wa m'banja losauka amene amadyetsa bambo wake wolumala ndi achemwali ake aŵiri posaka nyama. Tsiku lina apha mmbulu m'nkhalango, ndipo chilombo chibwera kudzamtenga kuti akalipire mlanduwo ku dziko la anthu a mizimu. Kumeneko apeza kuti chilombocho ndi mfumu ya chuma yotchedwa Tamlin, nayamba kuikonda.

Lachitatu ndi Fourth Wing la Rebecca Yarros, la mu 2023. Violet, mtsikana wofooka m'thupi amene ankafuna ntchito ya mabuku, aumirizidwa ndi mayi wake, mkulu wa asilikali, kuloŵa sukulu ya nkhondo kumene achinyamata amaphunzira kukwera zinjoka zamapiko zolavula moto. Kumeneko mtima wake ugwera mnyamata amene ali ndi chifukwa chomveka chodera banja lake lonse.

Tinamvanso Children of Blood and Bone la mu 2018, lolembedwa ndi Tomi Adeyemi amene makolo ake ndi a ku Nigeria. Ili linatikhudza mwapadera chifukwa anthu ake ndi akuda ngati ife, ndipo mtsikana wake Zélie akumenyera nkhondo mtundu wake umene mfumu yankhanza inaupondereza itapha mayi wake. Kuno kwathunso alipo oyesa njira zatsopano, monga Shadreck Chikoti amene mu 2015 anatulutsa Azotus the Kingdom, nkhani ya mu Africa wa zaka 500 zikubwerazo.

Kuonjezera pamenepa pali nkhani za pa foni, za Chingerezi ndi za Chicheŵa chomwe, zimene zimatuluka pang'onopang'ono ngati seŵero la pa wailesi. Zambiri zimayenda njira imodzi: mtsikana wamasiye kapena wantchito ya m'nyumba, bwana wa chuma wouma mtima, misozi yambiri, kenaka ukwati wa galimoto zandandanda. Mutu uliwonse umathera pamene mtima uli m'mwamba, kuti woŵerenga agulenso mayunitsi.

Zimene ndinayamikira

Ndisabise, amayi, zina mwa nkhanizi nzokoma zedi, ndipo panali masiku amene tinachedwa kukatereka ndiwo chifukwa chofuna kumva mathero a mutu. Atsikana a m'mabuku ameneŵa si anthu ongokhala pa mkeka kudikira mwamuna. Feyre amadyetsa banja ndi uta wake. Violet amapambana anzake amphamvu pogwiritsa ntchito nzeru zimene anazipeza m'mabuku. Mwana wamkazi wa ku Mabilabo kapena ku Luwerezi amene amauzidwa tsiku ndi tsiku kuti sukulu nja alongo ake, akamva za mtsikana wotere amadziona kuti nayenso ndi munthu.

Chachiŵiri, mwana amene wamaliza buku la masamba 400 m'Chingerezi popanda womukakamiza wachita ntchito yaikulu. Tonse tikudziŵa kuti wolephera Chingerezi salandira satifiketi ya Folomu 4, ngakhale atakhoza maphunziro ena onse. Aphunzitsi amene tinali nawo anatiuza kuti m'kalasi amazindikira msanga mwana woŵerenga nkhani, pakuti chimangirizo chake chimayenda ngati madzi.

Chachitatu ndi cha ife eni akefe. Boma lathu lino ndi la amuna a paulendo. Agogo athu ankapita ku migodi ndi Wenela, ndipo lero amuna athu ndi ana athu ali ku Johannesburg, ku Durban ndi ku Cape Town. Mayi amene mwamuna wake watha zaka zitatu ku Joni amadziŵa kutalika kwa usiku wa mwezi wa June. Ngati mayi wotero apeza chomusangalatsa m'nkhani yopeka ana atagona, ine sindimuweruza. Buku silinapasulepo banja la mnzake, siliyenda ndi miseche, ndipo silibweretsa matenda m'nyumba.

Nanga za ufiti? Apa tisiyanitse zinthu ziŵiri. Woŵerenga nthano amadziŵa kuti ndi nthano, ndipo akatseka buku chinjoka chimatsala momwemo. Choopsa ndi bodza limene anthu amalikhulupirira ngati zoona. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu osalakwa ku Mulanje ndi ku Phalombe, ndipo m'midzi yambiri agogo okalamba amamenyedwa powanamizira ufiti. Amene anatola miyala pa zochitika zimenezo sanaitole chifukwa choŵerenga mabuku. Mwana wozoloŵera nkhani zopeka ndiye amaphunzira msanga kufunsa kuti, kodi izi nzoona kapena wina wangopeka?

Pamene mtima wanga unakana

Koma chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Kuti ndifotokoze bwino chimene chinandivuta, ndikukumbutseni nthano imene nonse mukuidziŵa.

Panali namwali wokongola amene anakana anyamata onse a m'mudzi mwawo. Uyu ankati ngwamfupi, uyu ngwosauka, uyu ngwa mapazi ong'aluka. Tsiku lina kunafika mlendo wovala bwino, wa mano oyera, wolankhula mokoma, koma wopanda womudziŵa kwawo. Namwali anavomera tsiku lomwelo, nanyamuka naye. Kamlongo kake kakang'ono, kamene ena amati kanali ndi manthongo m'maso, ena amati mphere, kanawatsatira ngakhale ankakapirikitsa. Usiku kamnyamatako kanaona mlamu wake akusanduka fisi, akuitana anzake kuti adzaone m'mene nyama yawo ikunonera. Mlongo wake atauzidwa anakana kwatu kwatu, mpaka kamwanako kanam'manga chingwe ku chala nkumukoka pakati pa usiku kuti adzionere yekha. Kenaka kanasema chombo chouluka, chimene mudzi uliwonse umachitchula mwa njira yake, ndipo aŵiriwo anathaŵa nkukatera pa bwalo la kwawo.

Taonani tsono. Mlendo wa m'nthano imeneyi ndi yemwe uja wabweranso m'mabuku atsopano: wokongola, wachuma, wosadziŵika kwawo, munthu usana chilombo usiku. Chasintha ndi mathero. Agogo ankati mtsikana akazindikira kuti wakwatiwa ndi fisi athaŵe. Mabuku ambiri a lero akuti akhale, pakuti chilombocho nchaukali kwa anthu ena onse koma kwa iye yekha chidzafatsa, ndipo chikondi chake chidzachiŵeta.

Edward amaloŵa m'chipinda cha Bella usiku mwini wake osadziŵa, nkumamuyang'ana ali m'tulo. Amamutsatira kumene wapita. M'buku lachitatu afika poononga galimoto ya mtsikanayo kuti asakacheze ndi mnzake wina. Zonsezi wolemba wazikonza kuti woŵerenga aziti, taonani kukonda kwake. M'nkhani za pa foni ndiye zafika poipa: bwana amatukwana mtsikana, amamulanda foni, amamutsekera m'nyumba, nthaŵi zina amamugwira mokakamiza, kenaka pa mutu wotsiriza agwada ndi mphete, ndipo zonse zaiŵalika.

Amayi, ife amene takhala pa milandu ya mabanja tikudziŵa dzina lenileni la khalidwe limeneli. Mwamuna wofufuza foni ya mkazi wake, womuletsa kupita kwa makolo ake, wofunsa chifukwa chimene wachedwera ku chigayo, sakhala akuonetsa chikondi. Kumeneko ndiko kuyamba kwa nkhanza, ndipo ambiri amene tinawaperekeza ku chipatala ali ndi mabala anayamba ndi mawu akuti, amandichitira nsanje chifukwa amandikonda.

Kunena chilungamo, si olemba onse amene ali m'tulo pa mfundo imeneyi. M'buku lachiŵiri la Sarah J. Maas, la mu 2016, Tamlin uja atsekera Feyre m'nyumba ponena kuti akumuteteza, ndipo mtsikanayo adwala mu mtima, naonda, mpaka achoka pa nyumbapo. Titafika pamenepo mayi wina wachikulire m'gulu lathu anaomba m'manja nati mwanayo wakumbukira nthano ya agogo ake. Vuto nlakuti atsikana athu amaŵerenga buku limene lawapeza, ndipo kaŵirikaŵiri loyamba limafika popanda lachiŵiri. Dziŵaninso kuti mabuku a mayi ameneyu ndi a Rebecca Yarros ali ndi mitu yofotokoza za kuchipinda mosabisa mawu. Ndi mabuku a anthu akuluakulu, osayenera mwana wa Sitandade 8 kapena wa Folomu 1.

Fisi wa mwezi wa December

Mwina wina afunsa kuti, kodi nkhani ya ku America ingamuchite chiyani mwana wa ku Champhira? Yankho liri pa msewu wa M1 nyengo ya Khrisimasi, pamene galimoto za manambala a ku South Africa zimayamba kukhotera m'midzi. Ambiri mwa anyamata amenewo ndi ana athu olimbikira, amene amanga nyumba za malata ndi kulipirira abale awo sukulu, ndipo tiwalemekeze. Koma pakati pawo pamakhalanso wina amene galimotoyo ndi yobwereka, amene anasiya mkazi ndi ana ku Joni, ndipo akufuna wa masabata atatu okha. Mtsikana amene mutu wake wadzaza ndi nkhani za mlendo wachuma wodzamuchotsa mu umphaŵi amakhala ataphikidwa kale, wongofunika kupakula. January akafika anzake abwerera ku sukulu, iye atsala pa khomo la apongozi kudikira foni, mwina ali ndi pakati.

Ngakhale kusomphola, kumene makolo athu ankakuona ngati mlandu wofunika kukambirana ndi kulipira, m'nkhani zina kwavekedwa maluŵa: mtsikana atengedwa usiku mosafuna, ndipo pomaliza athokoza womutengayo. Tikumbukire kuti lamulo la maukwati la mu 2015 linaika zaka 18 kukhala msinkhu wokwatira ndi kukwatiwa, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko kuti ngakhale makolo asakhale ndi mphamvu yololeza ukwati wa mwana wosafika msinkhuwo. Palinso lamulo la mu 2006 loletsa nkhanza za m'banja. Koma lamulo limafika madzi atatayika kale. Chimene chimafika msanga ndi nkhani imene mwana wakhala akudziuza mu mtima.

Ndipo pano tisaloze ana okha. Ifenso pa chilangizo timakonda kunena kuti banja ndi kupirira, osasiyanitsa zopirira. Kupirira njala, matenda, kuchedwa kwa ndalama za ku Joni ndi lilime la apongozi, kumeneko ndi kukhwima. Kupirira chibakera si mwambo wa makolo. M'nthano ija palibe nkhoswe kapena thenga amene anauza namwali kuti abwerere kwa fisi chifukwa ng'ombe za malowolo zinaloŵa kale m'khola. Mudzi wonse unamulandira ndi nthungululu.

Ukwati wa m'buku ndi banja la pa khomo

Chinthu china chimene ndinaona nchakuti pafupifupi nkhani zonse za chikondi zimathera pa tsiku la ukwati, pamene ife tikudziŵa kuti mpamene nkhani imayambira. M'mabuku amenewo simupezamo mwamuna akuthamanga ndi mwana wa malungo pa njinga usiku kupita ku chipatala cha Embangweni, kapena aŵiri akuŵerengera limodzi ngati ndalama za soya zikwanira feteleza ndi fizi. Komatu chikondi chimene chimasunga nyumba ndi chimenecho. Mayi wa pabanja amene aŵerenga nkhanizi asayese bambo a kunyumba ndi muyeso wa mwamuna wa pa pepala, amene sadwala, satopa, ndipo chuma chake sichidziŵika kumene chimachokera. Munthu ameneyo anapangidwa ndi inki kuti buku ligulidwe. Wanuyo, ngati amabwera ndi kathumba ka mchere osauzidwa, ndipo sanakukwezerenipo dzanja, muli ndi chimene Bella alibe.

Tichitenji tsono?

Kuotcha buku sikuthandiza. Mukaotcha la pepala, maŵa aŵerenga la pa foni, ndipo chimene mwapindula nchakuti mwana waleka kukuuzani za mu mtima mwake. Njira imene ife taiona kuti ikugwira ntchito ndi ya chingwe cha ku chala: kumudzutsa mwana pang'onopang'ono kuti adzionere yekha.

Mukamuona ali ndi buku, khalani naye pansi pamene mukusankha nyemba, mumupemphe kuti akusimbireni. Simusoŵa kudziŵa Chingerezi kuti muchite zimenezi, pakuti iye ndiye adzamasulira, ndipo adzakondwa kuti mayi ake akumumvetsera. Akafika pa mnyamata wa m'nkhaniyo, mufunseni mofatsa: kodi kwawo nkuti? Amadya chiyani, ndipo ndalama amazipeza bwanji? Mtsikanayo akakana chinthu, iye amatani? Kodi amamulola kuona abale ake ndi kupitiriza maphunziro? Ukanakhala iwe, mng'ono wako akanakondana ndi munthu wotere, ukanamulangiza chiyani? Mudzadabwa kuona kuti mwana amene mumamuyesa wogona ali ndi mayankho anzeru, kungoti panalibe womufunsa. Akatha, inunso mubwezereni nthano ya fisi, kapena ina imene agogo anu anakusiyirani. M'mera mpoyamba, ndipo zimenezi ziyambe mwana asanathe msinkhu.

M'magulu athu a amayi tingathenso kupatula theka la ola pa mwezi kuti tiŵerenge limodzi. Funsani ku sukulu ya pafupi ngati mabuku a Zingani, a Ntaba ndi a Kamthunzi akadalipo m'kabati, ndipo amene muli nawo m'masutikesi muwatulutse njenjete zisanawamalize.

Pomaliza ndikulankhula ndi inu atsikana ophunzira amene mumaŵerenga tsamba lino mayi anu akalisiya pa mpando. Tomi Adeyemi anatenga nthano za makolo ake a Chiyoruba nkulemba buku limene laŵerengedwa m'maiko ambiri. Kodi ife tiribe phiri la Hora, mtsinje wa Rukuru, nkhalango za ku Viphya ndi mbiri ya ulendo wa Zwangendaba? Tiribe amayi amene analera ana okha amuna atatchona? Tengani cholembera, mutilembere nkhani ya chikondi m'Chitumbuka kapena m'Chicheŵa, ya zodabwitsa zonse zimene mungazilote, koma namwali wake akhale wodziŵa kusiyanitsa mwamuna ndi fisi. Ife amayi anu tidzakhala oyamba kuigula, ngakhale titagulitsa nkhuku.